Ku Lugu tiyi sathira shuga

Msewu wochoka m'tauni ya Zhushan kupita ku Lugu ndi wokhotakhota ngati uja wokwera phiri la Zomba. Mbali zonse ndi nsungwi, kenako mizere ya tiyi, kenako nsungwi zinanso. Penapake m'mbali mwa msewu, pakhomo pa kakachisi, mupeza chigubu chachitsulo chokhala ndi kampopi, makapu ali pambali, wogulitsa palibe. Si malonda ayi. Mwambowu amautcha feng cha. Munthu amaphika tiyi m'mawa n'kumuika panjira kuti aliyense wodutsa, womudziwa ndi wosamudziwa yemwe, aphe ludzu. Unayamba kalekale anthu akuyenda pansi, katundu ali paphewa. Lero masitolo a 7-Eleven ali paliponse pomwe mungatembenukire, koma alipobe anthu amene sanausiye.

Lugu ili m'boma la Nantou, pakati penipeni pa chilumba cha Taiwan. Chilumbachi n'chaching'ono, chingalowe m'Malawi katatu, koma muli anthu oposa 23 miliyoni. Pamapu chimaoneka ngati mbatata, ndipo eni ake ena amadzitcha okha ana a mbatata. Ndinakhalako masabata 3 m'mwezi wa April, pamodzi ndi achinyamata anzanga 13 ochokera m'maiko osiyanasiyana, pa pulogalamu yophunzirana chikhalidwe. April ndi nthawi yothyola tiyi wa kumayambiriro kwa chaka, amene alimi amamudikira ngati mmene ife timadikirira mondokwa.

Za ku Taipei ndingodutsapo, zadzaza kale pa TikTok. M'sitima zam'tauni saloleza kudya kapena kumwa, ngakhale kutafuna chingamu. Magalimoto otola zinyalala amabwera akuimba nyimbo ya Beethoven, anthu n'kutuluka ndi majumbo awo kukaponyamo okha. Ndipo timipira takuda tija ta mu bubble tea, amene anayambira konkuno m'zaka za m'ma 1980, amatipanga ndi ufa wa chinangwa. Eee, chinangwa chomwechi. Kuchoka ku Taipei kufika ku Taichung pa sitima yothamanga ndi pafupifupi ola limodzi, kenako basi, kenako mapiri.

Anatigawa awiriawiri m'makomo mwa alimi. Ine ndi mnzanga wa ku Peru tinafikira pa banja la anthu anayi: bambo wopanga tiyi, mkazi wake, mwana wawo wamkazi wa msinkhu wanga amene amagwira ntchito ku Taichung n'kumabwera Loweruka, ndi agogo aakazi omwe aliyense amawaitana kuti A-ma. Ine anangonditcha meimei, kutanthauza mng'ono kapena mlongo wamng'ono, ndipo dzina langa lenileni linathera pabwalo la ndege.

Mawu oyamba amene A-ma anandiuza anali akuti "Chiah pa boe?" Foni inalephera kumasulira chifukwa si Chimandarini, ndi chinenero cha Hokkien chomwe achikulire ambiri amayankhula pakhomo. Tanthauzo lake ndi lakuti, mwadya mwakhuta? Umenewo ndi moni, ngati mmene ife timanenera kuti mwaswera bwanji. Koma kwa A-ma silinali funso lamwambo chabe. Patebulo panali mpunga, mphukira za nsungwi, nkhuku yophika ndi mafuta a chitowe ndi jinja, ndi ndiwo zamasamba zomwe nditalawa ndinaseka ndekha: kholowa, wokazinga ndi adyo. Kwathu mlendo timamuikira chakudya m'nyumba n'kutuluka kuti adye momasuka. Kuno nonse muli tebulo limodzi, maso a agogo ali pa mbale yako. Ikangoti yatsala pang'ono kuyera, timitengo tawo todyera tafika kale ndi nthuli ina. Ukakana amamva ngati ulemu chabe, ndiye amawonjezera. Ukati wamaliza, pabwera mbale ya magwafa ndi chinanazi, zosenda ndi zodula kale.

Tsiku lina tinakadya m'tauni, ine n'kutulutsa ndalama kuti ndilipireko. Bambo wa pakhomo anandigwira dzanja, mnzake wina n'kumugwira iyeyo, onse awiri akukankhana pamaso pa mwini lesitilanti, aliyense akufuna alipire ndiye. Ukanaona patali ukanati ndi ndewu.

Kunena zoona, chikondi choterechi chimatopetsanso. Sakulola kuyenda wekha. Ukati ukapite kokayenda, wina wakupatsa ambulera, wina mankhwala a udzudzu, wina watulutsa kale njinga yamoto kuti akuperekeze. Pofika tsiku lachinayi ndinkalakalaka ola limodzi loti ndikhale ndekha. Kuyang'anitsitsa nakonso kulipo, tisabise. Kumidzi kuno munthu wakuda saoneka kawirikawiri, ndipo ana ankaima njii kundiyang'ana. A-ma anapempha kudzera mwa mdzukulu wawo kuti agwire tsitsi langa, n'kufunsa kuti kuluka kwake kunatenga maola angati. Nditawauza kuti 6, anagwedeza mutu n'kunena kuti munthu amene analuka ameneyo angathe kuluka nsungwi.

Madzulo ena kunabwera bambo wachikulire woyandikana nawo nyumba. Atamva kumene ndachokera anabwereza dzinalo m'katchulidwe kawo, Malawei, n'kunena kuti tinali abwenzi. Ankanena zoona. Malawi anali paubale wa ukazembe ndi Taiwan kuyambira mu 1966, ndipo chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo lochokera kuno. Mu January 2008 boma lathu linalengeza kuti lasamukira ku Beijing, ndipo lero mu Africa yense dziko lokhalo lomwe latsala ndi Taiwan ndi Eswatini. Ndinkayembekezera mawu ena owawa. Bamboyo anangotenga tipoti n'kundithirira.

Tsono tiyiyo. M'nyumba iliyonse ya mlimi muli tebulo la tiyi, ndipo mlendo aliyense, kaya wabwera kudzagula kaya wasochera, amayamba wakhala pamenepo. Tipoti yake ndi yaing'ono ngati chibakera cha mwana, makapu ake ungamwe kawiri basi atha. Masamba ouma amakhala timibulu tolimba ngati nandolo. Akathira madzi otentha timibulu tija timafutukuka, n'kuona tsamba lathunthu ndi kamtengo kake, monga linathyoledwera. Masamba omwewo amawathira madzi kasanu kapena kupitirira, ndipo ulendo uliwonse kakomedwe kamasintha. Sathira m'makapu kuchokera mu tipoti. Amayamba akhuthulira m'kajagi kotchedwa gongdao bei, kapu ya chilungamo, kuti woyamba kulandira asamwe wosukuluka pomwe womaliza akumwa wowawa. Palinso kakapu kena katali kongonunkhizira.

Shuga palibe, mkaka palibe. Kwa ife tiyi ndi chakudya: masupuni atatu a shuga, mkaka ngati ulipo, chigumu kapena mandasi pambali, n'kuyamba tsiku. Kwa iwo tiyi ndi macheza. Kapu yoyamba ndinamva ngati madzi ofunda onunkhira maluwa. Pofika tsiku lachitatu ndinayamba kumva kutsekemera kumene kumabwera kukhosi utameza kale, komwe iwo ali ndi dzina lake, huigan. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake shuga angaononge zonse.

Tiyi wa kuno ndi Dong Ding oolong, dzina la phiri lomwe lili pamwamba pa Lugu. Anthu a kuno amafotokoza kuti mu 1855 munthu wina dzina lake Lin Feng-chi anapita ku Fujian kukalemba mayeso a boma, n'kubwerako ndi mbande 36 za ku mapiri a Wuyi, zina mwa izo n'kubzalidwa paphiri limeneli.

Kuthyola kumayamba mame akakamuka. Othyola ambiri ndi amayi achikulire ovala zipewa za nsungwi, nkhope ndi mikono atakuta ndi nsalu zamaluwamaluwa, ndipo pakati pawo pali amayi ochokera ku Vietnam ndi Indonesia. Pachala amamangirira kalezala, ndiye dzanja limangoti tche tche tche, kansonga ndi masamba awiri kapena atatu. Malipiro ndi a pasikelo. Aliyense amene anaonako amayi a ku Thyolo kapena ku Mulanje ali ndi dengu kumsana angazindikire ntchito imeneyi: msana womwewo, dzuwa lomwelo. Ife anatipatsa mzere umodzi kwa ola limodzi, kenako anatichotsa mwaulemu kuti tikamwe madzi.

Kusiyana kumayamba masamba akafika pakhomo. Sapita ku fakitale ya munthu wina. Fakitale ili kuseri kwa nyumba, ndipo usiku umenewo palibe ogona.

Amayamba ayanika masamba panja pa chinsalu kuti afote pang'ono. Kenako amawalowetsa m'nyumba n'kuwayala pa malichero akuluakulu a nsungwi, osanjikizana m'mashelefu. Pakatha maola awiri kapena kuposerapo, bambo uja amabwera kudzawatembenuza ndi manja, poyamba mofatsa ngati akusisita khanda, kenako mwamphamvuko, pomaliza n'kuwathira m'chimgolo cha nsungwi chozungulira. Cholinga chake n'chakuti m'mphepete mwa tsamba musupuke pang'ono, madzi ake akumane ndi mpweya, liyambe kufiira monga imachitira mbatata yosenda ukaisiya pamtetete. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya tiyi. Wakuda amene timamwa kwathu, wobiriwira, ndi oolong, onse ndi mtengo wa mtundu umodzi. Wobiriwira amamuwotcha msanga asanafiire. Wakuda amamusiya afiiretu. Oolong amamuimitsa pakati, ndipo pakati pakepo palibe wotchi yomwe ingakuuze. Ndi mphuno.

Cha m'ma 8 koloko usiku m'chipindamo munkanunkha udzu wometa kumene. Pofika pakati pa usiku fungo linasanduka la maluwa. Bamboyo ankangolowa, kutapa masamba, kununkhiza, kubweza, n'kutuluka osanena kanthu. Ife tulo tinatigwira pamipando. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha anangoti "hao", basi nyumba yonse inadzuka. Masamba analowa m'chimgolo chachitsulo chotentha kwambiri chomwe chimazungulira, kuti kufiira kuja kuime pomwepo. Akanafulumira ndi ola limodzi tiyi akanamveka chiwisi, akanachedwa fungo likanathawa, ndipo ntchito ya miyezi ingapo ikanagulitsidwa pamtengo wolira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa kudekhako kuli ndi malire ake.

Tsiku lotsatira ndi la mphamvu. Masamba amawakulunga m'nsalu, makina n'kumanga chimpira cholimba ngati mwala, kuchigubuduza, kumasula, kutenthetsa, kumanganso. Amabwereza kambirimbiri mpaka tsamba lililonse lipindike kukhala kambulu kaja. Pamakilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi pamatuluka kilogalamu imodzi. Kenako pali kuwamba, komwe kumapatsa Dong Ding fungo lake ngati la mtedza wokazinga. Ambiri masiku ano amawamba ndi magetsi, koma akale ankagwiritsa makala a mtengo wa longan, ndipo ena sanasiyebe.

Funso lomwe linkandivuta ndi lakuti: zinatheka bwanji kuti mlimi wa munda waung'ono akhale ndi fakitale yake, dzina lake papaketi, ndi makasitomala omuimbira foni? Sizinali choncho kuyambira kale. Malonda a tiyi wa Taiwan anawakuza ndi munthu wa ku Scotland, John Dodd, amene mu 1869 anatumiza tiyi ku New York pa dzina la Formosa Oolong. N'zoseketsa kuti nafenso tiyi wathu anabwera ndi anthu a ku Scotland, kudzera ku mishoni ya Blantyre, minda yamalonda n'kuyamba ku Mulanje cha m'ma 1890. Kwa zaka pafupifupi 100 Taiwan ankachita zomwe ife tikuchita lero, kulima tiyi wochuluka wotumiza kunja. Koma mu 1953 boma linagawa minda kwa alimi amene ankalima m'minda ya eni malo. M'zaka za m'ma 1970 malipiro a antchito atakwera, tiyi wawo analephera kupikisana pamtengo kunja, ndiye anatembenukira kwa anthu awo omwe, amene tsopano anali ndi ndalama m'thumba. Mu 1976 ku Lugu kunayamba mpikisano wa tiyi. Mu 1982 boma linachotsa malamulo omwe ankachititsa kuti kupanga tiyi kukhale kwa mafakitale a ziphaso okha, mlimi n'kumasuka kupanga ndi kugulitsa yekha.

Mpikisanowo ukuchitikabe kawiri pachaka pansi pa bungwe la alimi la Lugu, ndipo kumabwera zitsanzo masauzande. Oweruza saona dzina la mlimi, amaona nambala. Aliyense amamuyesa mofanana, magalamu 3 m'madzi okwana mamililita 150. Tiyi wopambana amamutsekera m'mabokosi a chidindo cha bungwe, mtengo wake n'kukwera kangapo, ndipo mlimi amalandira chikwangwani chathabwa chokapachika pabalaza. Pakhomo pomwe ndinkakhala panali ziwiri, ndipo A-ma ankazipukuta fumbi kuposa zithunzi za ukwati.

Malawi amakolola tiyi wochuluka kuposa Taiwan, pafupifupi katatu. Koma wathu wambiri amachoka m'matumba akuluakulu, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, kukasakanizidwa ndi wa maiko ena ku South Africa ndi ku Britain, dzina la Thyolo osaoneka papaketi. Mlimi wamng'ono amagulitsa masamba aawisi ku fakitale ya esiteti, nkhani yake n'kuthera pasikelo. Sikuti nthaka yathu singathe, poti ku Satemwa ku Thyolo amapanga kale oolong ndi tiyi woyera. Chomwe ndinaona ine n'chakuti mlimi wa ku Lugu ali ndi chinthu chomwe wathu alibe: anthu a m'dziko lake omwe amene amalolera kulipira bwino tiyi wabwino, n'kumadziwa kusiyanitsa. Zimenezo sizibwera ndi makina.

Musaganize kuti kumeneko zonse zili myaa. Taiwan amagula tiyi wambiri kunja kuposa amene amalima, makamaka ku Vietnam, ndipo amalonda ena osakhulupirika amamusakaniza n'kumugulitsa ngati wa m'mapiri a kuno. N'chifukwa chake mapaketi ambiri tsopano ali ndi QR code yosonyeza munda. Chilala cha 2021 chinaumitsa minda yambiri. Ndipo vuto lalikulu linali patebulo pomwepo. Mwana wa pakhomo uja ndi amene amayankha makasitomala pa LINE ndi pa Facebook, amajambula zithunzi, amatumiza maoda. Nditamufunsa ngati adzabwerere kudzatenga ntchito ya bambo ake, anayang'ana kaye kukhitchini, n'kuyankha m'Chingerezi kuti makolo asamve: kugulitsa angathe, koma mphuno ija alibe, ndipo kuti aipeze ndiye kuti asiye ntchito ndi moyo wa m'tauni kwa zaka zambiri. Bambo ake sanamufunsepo. Iyenso sanawauzepo.

Sabata yomaliza inali ya ntchito zamanja, ndipo apa ndinene maganizo anga. Zambiri zomwe amakonzera alendo ndi zija amati DIY: ola limodzi, kupaka utoto kachinthu, kujambulitsa, kukwera basi. Ku Yingge, tauni ya zoumba pafupi ndi Taipei, ndinaumba kambale kopotoka komwe sindingaonetse munthu. N'zosangalatsa, koma luso silikhala pamenepo. Ku Beipu, kwa anthu a mtundu wa Hakka, ndiye kunandikomera. Amasinja masamba a tiyi, mtedza ndi chitowe m'mbale yadothi ya mizeremizere ndi kamunsi ka mtengo wa gwafa, n'kuthira madzi otentha. Amati lei cha. Anzanga a ku Ulaya mikono inalema msanga, ine mwana wokulira pa nsinjiro ndinangoti bweretsani kuno. Komweko tinalawa Oriental Beauty, tiyi amene amakoma ngati uchi chifukwa choti masamba ake analumidwa ndi katizilombo kobiriwira. Mlimi wa tiyi ameneyu sapopera mankhwala nthawi imeneyo, amachita kudikira kuti tizilombo tibwere. Ku nyanja ya Sun Moon, anthu a mtundu wa Thao, omwe sakwana ndi 1,000 omwe, amaimba nyimbo ndi minsi. Amazungulira mwala wafulati, aliyense ndi munsi wa msinkhu wake, wautali kulira kwake kwina, waufupi kwina. Ngati munamvapo amayi atatu akusinja mtondo umodzi, mukudziwa kale mmene zimamvekera m'chifuwa.

Koma munthu amene ndimamukumbukira kwambiri ndi woluka nsungwi wa ku Zhushan. Dzina la tauniyi limatanthauza phiri la nsungwi, ndipo kale inali yodzaza ndi mafakitale a zinthu za nsungwi, mpaka pulasitiki ndi katundu wotchipa wa kunja zinatseketsa ambiri. Bamboyu, wa zaka za m'ma 70, amaluka ndi kukonza malichero aja ofotetsera tiyi. Alimi sanasiye nsungwi chifukwa imapitisa mpweya pansi pa masamba. Amatenga nsungwi yathunthu, kuing'amba pakati, kuing'ambanso, kenako n'kuyamba kuisenda m'litali ndi chimpeni chobuntha kumsana, mpaka kutsala kamzere kopyapyala koti ungakulunge pachala. Samayang'ana n'komwe. Zala zake zinali zokakala ngati khungwa. Boma lili ndi likulu la ntchito zamanja ku Caotun m'boma lomweli, komwe achinyamata amaphunzira kupanga mipando ndi nyale zamakono za nsungwi, koma iye anati wofuna kuphunzira lichero wamba sanamuonepo kwa zaka zambiri.

Ndinamuonetsa pafoni chithunzi cha pakhomo pathu, mayi anga akupeta mpunga. Sanayang'ane mayi anga, anayang'ana lichero. Anakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kuyamba kuwerenga mizere: iyi yadumpha ingati, yalowa pansi pa ingati. Anati kalukidweko akukadziwa, nayenso amaluka choncho. Kenako anafunsa kudzera mwa womasulira kuti amaluka ndani, ndipo amagulitsa ndalama zingati. Ndinamuuza kuti ndi abambo a kumudzi amene amayenda nawo panjinga, ndipo mtengo wake nthawi zambiri supitirira wa makapu awiri a bubble tea ku Taipei. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti akufuna aone mkombero wake chakunsi, mmene anamangira, chifukwa lichero limafera pamenepo.

Chithunzi chotero ndinalibe. Ndinatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mayi anga. Kuno inali 11 koloko m'mawa, kwathu 5 koloko, atangodzuka kumene. Anayankha ndi voice note yofunsa ngati ndili bwinobwino m'mutu, kenako zithunzi zitatu zinafika, lichero atalivundikira pakhonde. Bambo uja anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, n'kutenga kamzere ka nsungwi kuyamba kuyesa mfundo yake pa mkombero womwe unali pamiyendo pake.